Khoswe watafuna chingwe cha faiba, kodi tingomata ndi tepi?

FUNSO: Bambo, ine kwathu ndi ku Ulongwe, ku Angónia, koma ndimakhala ku Chingodzi mumzinda wa Tete. Chaka chatha tinakoketsa intaneti ya faiba chifukwa ana amaphunzirirapo, inenso ndimagulitsirapo zitenje pa WhatsApp. Sabata ino kabokosi ka intaneti kayamba kuthwanima getsi lofiira pamene palembedwa LOS. Titasuntha kabati tapeza kachingwe katatafunidwa ndi khoswe. Alamu anga amakonza zamagetsi, ndiye akuti asenda mbali zonse ziwiri, apotere pamodzi n'kumata tepi yakuda. Ndiwalole? Ndine mayi wa ku Chingodzi.

YANKHO: Mayi, musawalole alamu anuwo, ngakhale zamagetsi amazidziwa bwino. M'kachingwe kameneko mulibe waya wa kopa woti n'kupota. Muli kaulusi ka galasi kopyapyala ngati tsitsi, ndipo kanjira kamene kuwala kumadutsa pakati pake sikakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 100 a milimita. Zithunzi za zitenje zanu ndi maphunziro a anawo zimayenda ndi kuwala kumeneko. Nsonga ziwiri zikangosemphana pang'ono, kuwala kumatayika, ndipo getsi la LOS limakuuzani zomwezo, kuti kabokosi sikakulandira kuwala.

Ife okonza faiba tikamalumikiza timasenda, kupukuta galasilo ndi sipiriti wake, kulidula ndi kachipangizo kodula mowongoka, kenaka n'kuika nsonga zonse ziwiri m'makina otchedwa fusion splicer. Makinawo amayang'anitsa nsongazo ndi tikamera, n'kuzisungunula ndi kamoto ka magetsi mpaka zikhale galasi limodzi. Pomaliza timaveka kachubu kolimbitsa polumikizirapo. Palibe dzanja la munthu lingachite zimenezi ndi pulayala.

Koma yambani mwaona kuti chatafunidwa n'chiti. Ngati ndi kachingwe kafupi, kawirikawiri kachikasu, kochoka pa kabokosi ka pakhoma kupita pa rauta (kabokosi kothwanima getsi kaja), nkhani yachepa: kameneko timangosintha. Chenjerani ndi mtundu wa mitu yake, timapulagi ta kunsonga zake. Mutu wobiriwira nsonga yake ndi yopendekera madigiri 8, wabuluu ndi yosapendekera. Mukasakaniza, galasi limakandika ndipo kuwala kumachepa. Pamene panali wobiriwira pabwerere wobiriwira. Ngati chatafunidwa ndi chingwe chochokera pa mtengo wa panja, imbirani kampani imene inakukokerani, abwere ndi makina.

Podikirapo, ndikupempheni chinthu chimodzi ndi mtima wonse: ana asasuzumire kunsonga kwa chingwe chodukacho kuti aone ngati mukuwala. Kuwala kwake ndi kwa laser, maso sakuona, koma kungathe kuvulaza diso. Tizidutswa ta galasi tikagwa pansi, musatole ndi zala kapena kusesa ndi tsache. Timalowa m'khungu ndipo kuchotsa kwake n'kovuta. Nyamulani ndi tepi ija alamu anabweretsa, muipinde n'kukataya kumene ana safika.

M'nyumba zambiri zimene ndimalowa ku Matundo ndi ku Moatize, wolakwa si khoswe, ndi eni nyumba amene. Ndimapeza chingwe chitadutsa pansi pa chitseko, tsiku lililonse chikupanidwa. Pena wina wachikhomera pakhoma ndi msomali wopinda, pena mayi wokonda ukhondo waona chotsala chikulendewera, wachikulunga zolimba n'kumanga ndi kansalu. Galasi likapindika kwambiri kuwala kumathawira pambali, intaneti n'kumangoduladula ngakhale chingwe chikuoneka chabwinobwino. Eni ake amatha miyezi akukalipira kampani, pamene vuto lili kuseri kwa sofa. Chotsala muzichizunguliza momasuka, mkombero wake usachepere masentimita 6 kuchoka mbali ina kufika mbali ina, ndipo pa ngodya ya khoma chizikhota pang'onopang'ono.

Wokonzayo akabwera, m'pempheni adutsitse chingwe m'kapaipi ka pulasitiki kuyambira pamene chalowera m'nyumba, chifukwa khoswe amene walawa kamodzi amabweranso. Asanachoke akuonetseni nambala ya pa mita yake yoyezera kuwala. Pa mabokosi ambiri a m'nyumba imayenera kukhala pakati pa -8 ndi -27 dBm (muyeso wa mphamvu ya kuwala). Ikakhala pafupi ndi -27 ndiye kuti kuwala n'kochepa, musavomere kuti ntchito yatha, penapake padakali fumbi kapena popindika. Ine ndimasangalala ndi kasitomala wofunsa nambala imeneyi, chifukwa zimatichepetsera maulendo tonse.

Kabokosi ka rauta kenikeniko kasamalireninso. Kuno ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, choncho musakaphimbe ndi kansalu koluka kapena kukatsekera m'kabati, kaikeni pamene pakupita mphepo. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, zulani pulagi pakhoma. Galasi silinyamula magetsi, koma mphenzi ikhoza kulowera m'mawaya a magetsi n'kuotcha rauta. Tsiku lina getsi lofiira likadzayakanso chingwe cha m'nyumba chili bwinobwino, funsani kaye oyandikana nawo. Ngati nawonso yaduka, ndiye kuti chaduka ndi chingwe chachikulu cha kumsewu, ndipo chanu musachikhudze.