Yambani ndi injini, roll cage ibwere pambuyo

Mwafunsa kuti muyambe ndi chiyani, roll cage (chimango cha mapaipi achitsulo chomwe chimateteza woyendetsa galimoto ikagubuduzika) kapena kusintha injini. Yambani mwakhazika injini ndi giyabokosi, ngakhale mongogwiriziza ndi mabawuti ochepa. Giyabokosi yaikulu nthawi zambiri imafuna kuti mukulitse tunnel (kamtumbira ka pakati pa mipando komwe giyabokosi imalowa pansi pake), ndipo zimenezi zimasuntha mpando. Main hoop, paipi yaikulu ya roll cage yopindika yomwe imaima kumbuyo kwa mpando, imatsata pomwe mpando wakhala. Mukaiwotcherera msanga, helmet yanu izigunda paipi.

Paipi ikhale yachitsulo yopanda msoko. Malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya galimoto padziko lonse, amafuna 45 x 2.5 mm kapena 50 x 2.0 mm pa main hoop, ndipo ipindidwe kuchokera ku paipi imodzi, osalumikiza. Pansi pa mwendo uliwonse wa cage ikani pleti ya 3 mm yosachepera 120 cm², apo ayi galimoto ikagubuduzika mwendowo ubowola pansi. Pomwe ambiri amachita ulesi ndi pamwamba, pafupi ndi denga, pomwe chowotcherera sichifika bwino, ndipo mpomwe pamathyoka. Boolani pansi pa galimoto pomwe miyendo yaima, tsitsani cage yonse, wotchererani mozungulira paipi, kenaka kwezani ndi kutseka mabowowo ndi mapleti aja.

Ku injini, onetsetsani kuti sampu (mosungira oyilo pansi pa injini) siikukhudza subframe (chimango chachitsulo cha pansi pa injini), ndipo tengani ECU (kompyuta yoyendetsa injini) ndi mawaya a injini yomwe mukuikayo. Injiniyo ikakhala yolemera kuposa yakale, sinthaninso masipuling'i akutsogolo.