Mimba yolendewera, maso otupa ndi basi ya Disembala: yankho kwa mayi wa ku Rosettenville

Mayi wina wa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, watilembera imelo, ndipo funso lawo ndi ili: "Ndili ndi zaka 44, ana atatu, awiri ndinabereka kudzera pa opaleshoni. Ndachepetsa kudya, thupi latsikadi, koma mimba yokha ikulendewera pamwamba pa chipsera. M'munsi mwa maso namonso mwatupa moti anthu amandifunsa ngati ndikudwala. Pa Facebook ndaona malo ena akulengeza liposuction (kuyamwa mafuta) ndi BBL (kukuza matako) pamtengo wotsika. Kodi ndingapangitse zonse pakamodzi mu Novembala, kuti Disembala ndikwere basi ya ku Blantyre?"

Mayi, zikomo potikhulupirira ndi nkhani imene ambiri amangonong'onezana. Malinga ndi mmene mwafotokozera, liposuction mwina si imene mimba yanu ikufuna, ndipo opaleshoni ya Novembala ndi basi ya Disembala siziyenderana.

Tiyambe ndi mimbayo. Zimene zimaitulutsa kunja ndi zosiyanasiyana, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala akeake. Imirirani, tsinani pansi pa mchombo. Ngati mwagwira chinthu chokhuthala, cholimbirako, khungu lake losalala, amenewo ndi mafuta a pansi pa khungu. Ngati mwagwira chopyapyala, chamizeremizere, chopindika chokha n'kugwera pa chipsera, ndi khungu lotambasuka. Kenako gonani chagada, pindani mawondo, dzutsani mutu pang'ono, n'kuika zala pamwamba pa mchombo mopingasa. Zala ziwiri kapena kuposa zikalowa m'kamphako, ndiye kuti minofu iwiri yoongoka ya pamimba inatalikirana nthawi ya pakati ndipo sinabwererenso. Madokotala amati diastasis recti. Palinso mimba yozungulira, yolimba, yosatsinika: mafuta ake ali mkati, kuzungulira matumbo, ndipo palibe opaleshoni yokongoletsa imene imafikako. Amenewo amatsika ndi kadyedwe ndi kuyenda pansi.

Liposuction imachotsa choyambacho chokha. Dokotala amaboola timabowo tosakwana sentimita imodzi, n'kuthira m'mafutamo madzi amchere osakaniza ndi lidocaine wochititsa dzanzi ndi adrenaline wofinya mitsempha kuti magazi asatayike ambiri. Kenako amayendetsa kapaipi kachitsulo kokula mamilimita 3 kapena 4, makina akuyamwa. Khungu salikhudza. Thumba la ufa mukatapamo ufa silichepa, limangofwamphuka, ndipo ndi zomwe zimachitikira khungu la mayi wa ana atatu: limalendewera kuposa kale, nthawi zina ndi tizigwa ndi timapiri. Dziwaninso kuti zoyamwidwazo zikadutsa malita 5, wodwala amayenera kugona m'chipatala akuyang'aniridwa, chifukwa madzi a m'thupi amasokonekera ndipo lidocaine amapitiriza kulowa m'magazi kwa maola ambiri munthu atatuluka kale m'chipinda cha opaleshoni.

Opaleshoni ya khungu ndi minofu ndi abdominoplasty, imene pa malonda amaitcha tummy tuck. Amacheka m'munsi kuchokera fupa la chiuno lino kufika linalo, pamalo obisika ndi kabudula wamkati, ndipo chipsera chakale cha uchembere chimachoka pamodzi ndi khungu lodulidwalo. Amasenda khungu ndi mafuta ake kukwera mpaka pafupi ndi nthiti, mchombo n'kutsala pa phesi lake. Minofu ija amaisoka pamodzi ndi ulusi wolimba kuchokera pansi pa chifuwa kutsika. Akatero amakokera khungu pansi, kudula lotsala, n'kuboola malo atsopano otulutsira mchombo. Ntchitoyi imatenga maola awiri mpaka anayi munthu atagonetsedwa, ndipo kawirikawiri amagona m'chipatala usiku umodzi kapena uwiri.

Kunyumba mumapita ndi timapaipi totulutsa madzi a pabala kwa masiku angapo, ndipo sabata yoyamba mumayenda chowerama. Chovala chothina pamimba chimavalidwa pafupifupi masabata 6, ndipo nthawi yonseyo simunyamula chidebe cha madzi, mwana, kapena dengu la zochapa. Ngati ntchito yanu ndi ya m'nyumba za anthu kapena yoima tsiku lonse mu saluni, kambiranani ndi abwana za tchuthi musanalipire ndalama iliyonse. Kubwerera kuntchito msanga poopa kuchotsedwa kukhoza kumasula bala.

Vuto lobwera kawirikawiri ndi madzi kusonkhana pansi pa khungu, chifukwa pamene anasenda paja pamatsala mpata. Dokotala amawakoka ndi jakisoni, mwina kangapo. Loopsa kuposa pamenepo ndi khungu kufa pakatikati pa bala, pamwamba pa chinena. Malo amenewo ndi omwe ali kutali kwambiri ndi mitsempha yotsala, ndiye chilichonse chofinya mitsempha chimawapha. Fodya ndiye woyamba: ndudu, vape, hubbly, ngakhale wa mphuno. Amasiyidwa masabata osachepera 4 opaleshoni isanachitike ndi ena 4 itachitika. Shuga wosatsika ndi kuchepa kwa magazi nazo zimachedwetsa bala.

Chipsera cha tummy tuck ndi chachitali ndipo sichichoka. Ife akhungu lakuda timapanga keloid mosavuta, chipsera chofufuma, choyabwa, chokula kupyola bala lenileni. Umboni muli nawo kale pathupi: onani chipsera cha uchembere ndi pamene munaboola makutu. Ngati pali chotupa cholimba chonyezimira, muonetseni dokotala tsiku loyamba. Pali zomata za silicone ndi jakisoni wa triamcinolone zothandiza, koma nthawi zina dokotala wanzeru amangoti tisachite.

Za BBL sitibisa mawu. Amayamwa mafuta pamimba ndi m'mbali n'kuwabaya m'matako kuti mbina ituluke. Mkati mwa mnofu wa thako muli mitsempha ikuluikulu. Kapaipi kakapyola n'kung'amba umodzi, mafuta amalowa m'magazi, kupita kumtima ndi m'mapapo, munthu n'kufera patebulo. N'chifukwa chake mabungwe a madokotala a ntchitoyi analangiza kuti mafuta aziikidwa pansi pa khungu pokha, osati mu mnofu, ndipo ambiri tsopano amayang'anira nsonga ya kapaipi ndi makina a ultrasound. Kuwonjezera apo, gawo lina la mafutawo limasungunuka m'miyezi yoyamba, ndipo kwa masabata angapo simuyenera kukhalira matako. Wa tummy tuck sagona chafufumimba, wa BBL sagona chagada. Mukaphatikiza ziwirizi, mugona bwanji? M'kalata yanu simunadandaule za kumbuyo. Mwangoiona pa malonda. Isiyeni.

Tibwere kumaso. Kutupa kwa m'mawa kotsika dzuwa likakwera ndi madzi, ndipo kumafuna kuyezetsa BP, impso ndi chithokomiro, osati mpeni. Kutupa kosasintha tsiku lonse, koonekera kwambiri mukayang'ana kumwamba, ndi timafuta ta kuseri kwa chikope tomwe tasunthira kutsogolo. Opaleshoni yake ndi blepharoplasty. Kwa khungu lakuda, ngati palibe khungu lambiri lotsala, njira yabwino ndi yodzera mkati mwa chikope, kunja osasiya chipsera. Kutupa ndi mikwingwirima zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Dokotala akachotsa mafuta ambiri diso limalowa mkati, ndipo akadula khungu lambiri chikope chimakokekera pansi, diso n'kumauma ndi kutuluka misozi.

Ngati vuto ndi kachigwa ka mthunzi pakati pa diso ndi tsaya, ena amadzazapo filler ya hyaluronic acid, mankhwala obaya pansi pa khungu, yomwe imakhala miyezi 6 mpaka 18. Ubwino wake ndi woti imasungunulidwa ndi hyaluronidase zikalakwika. Funsani ngati mankhwalawo ali m'chipindamo singano isanalowe, chifukwa filler ikalowa mu mtsempha imapha khungu, ndipo pafupi ndi mphuno ndi maso ikhoza kuchititsa munthu kusaonanso. Pa thumba lotupa kale, filler imangowonjezera kutupa. Botox ndi jakisoni ya makwinya a pachipumi ndi m'mbali mwa maso. Imayamba kugwira pakatha masiku angapo n'kutha pakadutsa miyezi 3 kapena 4. Facelift, yokoka khungu ndi minofu ya masaya ndi khosi, sindikuona kuti ndi nkhani yanu pa zaka 44.

Chimodzi chimene amayi ambiri amabisira dokotala ndi mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa ogulitsidwa mumsewu ali ndi steroid wamphamvu ngati clobetasol, kapena hydroquinone amene South Africa inaletsa mu zodzola. Steroid amapyapyalitsa khungu, bala silipola bwino, ndipo wodzola thupi lonse kwa nthawi yaitali BP yake ikhoza kugwa ali pa opaleshoni. Nenani. Nenaninso za ma ARV, mapiritsi olera okhala ndi oestrogen omwe kawirikawiri amaimitsidwa masabata 4 opaleshoni isanafike, aspirin, ndi mankhwala a zitsamba alionse. Palibe amene akudzudzuleni. Wogonetsa anthu amafuna kudziwa kuti akudzutseni bwino.

Nanga wocheka ndani? Dokotala aliyense m'dziko muno amalembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito zachipatala ku South Africa, ndipo kaundula wawo amafufuzika pa intaneti. Lembani dzina lake, muone ngati ndi katswiri wa plastic and reconstructive surgery. Mawu oti aesthetic doctor kapena cosmetic surgeon pachikwangwani si umboni wa ukatswiri umenewo. Akatswiri ambiri alinso mu APRASSA, bungwe la madokotala a opaleshoni zimenezi. Pemphani mtengo wolembedwa papepala, wosonyeza malipiro a dokotala, a wogonetsa, a chipinda cha opaleshoni, a bedi, chovala chothina ndi maulendo okaonetsa bala. Mtengo ukatsika modabwitsa, mwina chimodzi mwa izi chachotsedwa, monga wogonetsa wophunzira bwino kapena usiku wa m'chipatala. Medical aid kawirikawiri silipira opaleshoni yokongoletsa, choncho funsani kuti zikavuta mukagonekedwa kuti, ndipo alipira ndani.

Tsopano basi ija. Opaleshoni ya pamimba ili m'gulu la zimene zimaundanitsa magazi m'mitsempha ya miyendo, chifukwa mimba yathinitsidwa ndipo munthu sayenda mokwanira. Ngoziyi imakhalapo kwa masabata angapo. Ulendo wochoka kuno ku Joni kudzera Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndi woposa tsiku lathunthu mutapinda miyendo, mukumwa madzi pang'ono poopa zimbudzi za panjira, mukutsika ndi zikwama pamalire aliwonse, kunja kukutentha. Katumba wa mwendo umodzi akatupa n'kumapweteka, kenako mpweya n'kubanika kapena chifuwa kubaya, ndiye kuti chimbulu cha magazi chafika m'mapapo, ndipo munthu amafunika chipatala nthawi yomweyo. Pakati pa Harare ndi Tete chimenecho simuchipeza msanga. Ngakhale mutafika bwino, bala likatulutsa mafinya muli kumudzi, amene analisoka ali kutali.

Pitani kwanu Disembala ndi thupi lanu mmene lilili. Panopa yezetsani magazi, shuga ndi BP, onetsetsani kuti thupi lanu silikukwera kapena kutsika kwa miyezi 6, ndipo tsimikizani kuti nkhani ya kubereka yatha, chifukwa kutenganso pakati kukhoza kumasula minofu yosokedwa ija. Kaonaneni ndi akatswiri awiri osiyana, aliyense akuyezeni mutaimirira ndi mutagona. Mukabwerako mu Januwale mudzasankhe tsiku loti patsogolo pake pali masabata 6 opanda ulendo, komanso munthu wamkulu wogona nanu m'nyumba sabata yoyamba. Za zikope mukhoza kuzichita padera, mimba itapola.