Gruyères pa tsiku limodzi, kuchokera ku Bern

Mwafunsa ngati tsiku limodzi lingakwane kukaona Gruyères, katauni kakale ka ku Switzerland, kuchokera ku Bern opanda galimoto. Likwana ndithu, bola mulawirire.

Kwerani sitima mpaka ku Bulle, kumeneko musinthe n'kukwera yopita ku Montbovon, mutsikire pa siteshoni ya Gruyères. Chimene chimadzidzimutsa ambiri n'chakuti siteshoni ili kunsi, ku Pringy, pomwe tauniyo ili pamwamba pa kaphiri. Wapansi ndi mphindi 15 kapena 20, chitunda chokhachokha. Msewu wa m'tauni anayalamo miyala yomwe imaterera kukagwa mvula, ndiye valani nsapato zogwira pansi. Sutikesi yamatayala idzakusautsani pamiyalapo, isiyeni ku Bern.

Musanayambe chitundacho, lowani ku La Maison du Gruyère, malo opangira tchizi, pafupi penipeni ndi siteshoni. Tchizi amapanga m'mawa. Mukafika madzulo mudzapeza miphika ikuluikulu yamkuwa ija ili mbee, atatsuka kale.

Linga la mafumu akale a Gruyères lili kumapeto kwa msewu waukulu. Linamangidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo mwini wake womaliza wa banja lachifumulo, Michel, anamira m'ngongole mu 1554, mizinda ya Fribourg ndi Bern n'kugawana dziko lake. Patulani maola awiri, ndipo musaphonye dimba la kuseri: mukaima pakhonde mumaliona lonse, mapiri ali potero. Kuyambira Novembala mpaka Malichi amatseka 5 koloko, osati 6.

Mabasi a alendo akafika chakumasana, malesitilanti amadzaza. Idyani isanakwane 12. Ndalama ndi ma franc a ku Switzerland, ndipo anthu kumeneko amalankhula Chifalansa, choncho moni ndi "bonjour".