Mafunso a Owerenga: Kodi Prado Yakale Ndi Yosafa Monga Amanenera?

Funso: Zikomo a Mlangizi. Ndine mlimi wa fodya ndi chimanga kumtunda kwa Rumphi, ndipo msewu wochokera paphula kukafika kwathu umasanduka phala dzinja likafika. Galimoto yanga yaing'ono yatitimira kangapo, tsiku lina tili ndi wodwala m'katimo. Ndasonkhanitsa ndalama ndipo ndikufuna kuitanitsa Toyota Land Cruiser Prado ya dizilo ya 2006 kuchokera ku Japan. Anzanga akuti galimoto imeneyi siifa, koma makaniko wina wandiopseza kuti idzandidyera chuma chonse. Ndimvere ndani? Ndine mlimi wa ku Rumphi.

Yankho: Bambo, pepani ndi zimene munakumana nazo tsiku la wodwalalo. Anzanuwo ndi makanikoyo onse akunena zoona, kungoti sakunena galimoto imodzi. Dzina la Land Cruiser lakhalapo kuyambira 1954, ndipo mbiri yakuti siifa inamangidwa makamaka ndi mtundu wa 70, umene unayamba kupangidwa mu 1984 ndipo ukupangidwabe mpaka lero. Ndiyo ija timaiona yoyera, itanyamula odwala a zipatala za kumidzi kapena antchito a mabungwe. Zambiri mwa izo zili ndi injini ya 1HZ ya malita 4.2, yopanda tebo (chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini) ndiponso yopanda kompyuta yoiyendetsa, moti makaniko wa pa boma lililonse amatha kuitsekula n'kuibwezera ndi masipanala wamba. Prado inabwera mu 1990 ngati mng'ono wake wofewa, woti banja liyendemo mosagwedezeka kwambiri. Ndi yolimba ndithu, pakuti thupi lake limakhala pa chesisi yachitsulo ngati ya lole, koma si nyama imodzi ndi mkulu wakeyo.

Prado ya dizilo ya ku Japan ya chaka mwatchulacho ili ndi injini ya 1KD-FTV ya malita 3.0, imene ambiri amaitchula kuti D-4D. Imakoka bwino pachitunda ndipo siimwa mafuta mowononga, koma imapopa dizilo mwamphamvu kwambiri kudzera m'timabowo tating'onoting'ono ta ma injekita, kotero kuti madzi pang'ono kapena fumbi la m'mafuta limakwanira kuwononga zipangizo zodula. Apa ndi pamene ndikufuna muganizire mofatsa, chifukwa mafuta akasowa pa mafilingi sitesheni ambiri timathamangira a m'zigubu, ndipo a m'zigubuwo sitidziwa kuti adutsa m'migolo yotani kapena asakanizidwa ndi chiyani. Injini yakale ija imatha kukhululuka zoterezi kangapo, iyi sikhululuka. Palinso vuto lina lodziwika bwino: timawashala totseka pansi pa ma injekita tikayamba kudontha, utsi umalowa mu oyilo n'kumuumitsa ngati makala, makalawo n'kutseka sefa imene pampu imakokerapo oyilo, ndipo injini imafa ndi ludzu dalaivala asakudziwa kanthu. Kusintha timawashalato ndi ntchito yotsika mtengo poyerekeza ndi kugula injini ina. Choncho galimotoyo ikangofika, isanapite n'kumudzi komwe, makaniko wodziwa za dizilo aone ma injekita ndi sefayo, asinthe fyuluta ya mafuta, komanso asinthe lamba wa taimingi, amene pa injini imeneyi amayenera kusinthidwa pa makilomita 150,000 alionse. Musakhulupirire nambala ya makilomita ya pa dashibodi yokha, pakuti alipo ogulitsa amene amaibweza m'mbuyo.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayang'ananso Prado ya petulo ya malita 2.7, ya injini ya 2TR-FE. Imayendera tcheni m'malo mwa lamba, ilibe tebo, ndipo zovuta zake n'zochepa. Kuipa kwake n'kwakuti galimoto yolemera pafupifupi matani awiri imailemera, moti pokwera zitunda ngati za ku Chiweta itadzaza anthu imapuma wefuwefu ndipo imamwa petulo wambiri. Komabe kwa munthu wokhala kutali ndi galaja yokhala ndi makina oyezera dizilo, kuchedwa pachitunda n'kwabwino kusiyana ndi kukokedwa mpaka ku Mzuzu.

Musanatumize ndalama, pemphani zithunzi za kunsi kwa galimotoyo, osati za mipando ndi penti yonyezimira. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumagwa chipale chofewa chambiri ndipo misewu imathiridwa mchere, umene umadya chesisi mwakachetechete. Injini yofooka imakonzeka, koma chesisi yodyeka ndi dzimbiri pa msewu wa mabampu ngati wanuwo siichedwa kuthyoka, ndipo kuwotcherera sikuibwezera mphamvu yake yoyamba. Pemphaninso pepala la ku okushoni limene limalemba zilema za galimotoyo, ndipo funsani ngati kumbuyo kwake kuli masipuling'i achitsulo kapena matumba a mpweya, chifukwa mitundu ina yapamwamba ili ndi matumba amene akaphulika kumudzi mumasowa pogwira. Kumbukiraninso kuti mtengo wolembedwa pa intaneti si womaliza: pali ndalama za pa doko la Dar es Salaam, zoyendetsera kudzafika pa chipata cha Songwe, ndi msonkho wa MRA, umene umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Funsani ku MRA kuti akuwerengereni musanagule.

Chinthu china chimene ambiri amaiwala ndi matayala. Prado imeneyi imakoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse, choncho matayala ake ayenera kukhala ofanana kukula ndi kutha kwake, apo ayi difu ya pakati, imene imagawa mphamvu ku mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo, imavutika. Matayala amene imabwera nawo nthawi zambiri ndi a paphula, ndipo m'matope a katondo amangoterera ngakhale injini ikhale yamphamvu chotani. Ikani pambali ndalama ya matayala a mano, ndipo phunzirani kulowetsa giya yotsika ndi kutseka difu ya pakati musanalowe m'matope, osati mutatitimira kale; mukabwerera paphula muitsekulenso. Ndiwonjezere kuti ngati cholinga chanu chachikulu n'kunyamula mabelo a fodya ndi matumba a feteleza, ndiye kuti mukufunika pikapu monga Hilux yokoka ndi mawilo anayi, chifukwa Prado anaipangira anthu ndi katundu wochepa. Koma ngati nkhawa yanu ndi banja ndi odwala m'dzinja, iguleni, bola mutsalitse ndalama yokonzetsera zimene ndatchulazi m'mwezi woyamba.

Funso: Ndili ndi Mitsubishi Pajero ndipo ndimawoloka nayo mtsinje wopanda mlatho popita kumunda. Makaniko wapeza kuti oyilo wa mu difu ya kumbuyo wayera ngati mkaka. Kodi galimotoyi yatha? Ndine mayi wa ku Chikwawa.

Yankho: Ayi mayi, siinathe, koma madzi alowa mu difu. Difu ikatentha ndi ulendo kenako n'kumizidwa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati mwake umachepa ndipo imayamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira kapena pa masilo otha. Oyiloyo akhetsedwe msanga mabering'i asanachite dzimbiri, ndipo makaniko aonenso difu ya kutsogolo ndi giyabokisi yogawa mphamvu ku mawilo anayi. Muuzeni alumikize kapaipi pa kabowo kopumirako n'kukakweza m'mwamba, kumene madzi safika. Mukafika pamtsinje muziyamba mwaima kanthawi kuti zitsulo zizizire, wina ayeze kuya kwake ndi ndodo ali pamalo otetezeka ku ng'ona, ndipo madzi akakhala othamanga kapena opitirira m'maondo, dikirani aphwe.