Mulanje Ikanakhala ya Apwitikizi, Bwenzi Zili Bwanji?

Funso: Akonzi, kuno ku Muloza timangowoloka mtsinje n'kufika ku Milange, m'dziko la Mozambique. Kodi Apwitikizi akanatenga Mulanje, moyo wathu bwenzi uli wotani? Ndine wowerenga wanu wa ku Muloza.

Yankho: Zinangotsala pang'ono kutero, bambo. Mu 1889 Serpa Pinto, mkulu wa asilikali a Chipwitikizi, anakwera mtsinje wa Shire ndi asilikali n'kumenyana ndi Amakololo. Pa 11 Januwale 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikaliwo, ndipo pangano la 1891 ndilo linaika malire pa Ruo.

Britain ikanakhala chete, tiyi bwenzi alipo ndithu, chifukwa ku Gurué, ku Mozambique, Apwitikizi anadzalanso tiyi, ngakhale anachedwa. Kusukulu bwenzi ana akuphunzira Chipwitikizi.

Chachikulu ndi Alomwe. Ambiri anawoloka malire kuthawa chibalo, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzakhala m'minda ya azungu ku Mulanje ndi Thyolo. Kunonso anapeza thangata, amene sanali chinthu chochepa, musamuchepetse. Koma popanda malire a Ruo, akanathawira kuti? Mwina akanalowera kutali, ku Zomba kapena ku Rhodesia, ndipo midzi ya kuno sikanadzaza chonchi.

Ufulu sukanabwera mu 1964. Bwenzi tikudikira mpaka 25 Juni 1975, pambuyo pa nkhondo ya FRELIMO, kenaka nkhondo yapachiweniweni mpaka 1992. Othawa nkhondo amene tinawalandira kuno m'zaka zimenezo tikanakhala ifeyo.