Keir Hardie sanaimirepo dera la ku Scotland

Achimwene, mwafunsa ngati Keir Hardie, mmodzi mwa oyambitsa chipani cha Labour ku Britain, pokhala wa ku Scotland, ankaimira dera lakwawo ku nyumba ya malamulo. Ayi ndithu, kwawoko anamukana. Mu 1888 anaima payekha pa chisankho chapadera ku Mid Lanark n'kupeza mavoti 617 okha. Mpando anaupeza mu 1892 ku West Ham South, dera lomwe lero lili mu London, ndipo kuyambira 1900 mpaka imfa yake mu 1915 ankaimira Merthyr Tydfil ku Wales.

Koma ndale zake zinaphukira mumgodi. Anabadwa mu 1856 ku Lanarkshire. Ali ndi zaka pafupifupi khumi ankaswera pansi pa nthaka mumdima, ntchito yake kutsegula ndi kutseka chitseko cholowetsa mpweya. Atakula n'kuyamba kulankhulira anzake, eni migodi anamutsekera ntchito paliponse, ndipo mu 1886 anakhala mlembi wa bungwe la ogwira ntchito m'migodi ku Ayrshire.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi cha mu 1894. Mgodi utaphulika ku Cilfynydd, ku Wales, n'kupha anthu oposa 250, aphungu anali kalikiliki kuyamikira banja lachifumu chifukwa cha mwana wobadwa kumene. Hardie anapempha kuti apepesenso amasiye, koma anamukanira. Anaimirira n'kudzudzula ufumuwo, nyumba yonse ikumukuwiza. Chaka chotsatira mpando wa West Ham unamupulumuka.

Mu 1906 chipani cha Labour chitapeza aphungu 29, anzakewo anamusankha kuti awatsogolere.