Kukumbukira antchito a m'ndege amene anaphedwa pa 11 September: yankho kwa mayi mphunzitsi

Mayi wina wophunzitsa pa sekondale ina kuno ku Mangochi wandilembera kalata pa imelo. Akuti mwana wawo wamkazi wayamba kumene ntchito yosamalira anthu m'ndege, ndipo chiyambireni mtima wawo umangopita kwa antchito a m'ndege amene anaphedwa ndi zigawenga ku America pa 11 September 2001. Akufuna kukonza mwambo wowakumbukira pamodzi ndi ophunzira awo, koma akufunsa ngati n'zomveka kulemekeza anthu akutali amene sitinawaonepo, komanso ngati mwambowo sungakhumudwitse abale athu Achisilamu, amene ndi ochuluka m'boma lino.

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Ine ndikuti konzani mwambowo, koma muukonze motero kuti ana amve zimene anthu amenewa anachita ali pa ntchito, osati za imfa yawo yokha.

Tsiku limenelo zigawenga 19 za gulu la al-Qaeda zinalanda ndege zinayi, ziwiri za American Airlines ndi ziwiri za United Airlines, ndipo anthu 2,977 anafa. Mwa iwo, 33 anali antchito a m'ndegezo: oyendetsa 8 ndi osamalira apaulendo 25. Chiwerengero chachikulu chija chimameza chaching'onochi, n'chifukwa chake ambiri amadziwa za nsanja ziwiri za ku New York, nyumba zitalizitali zimene zinagwa zitagundidwa ndi ndege ziwiri mwa zinayizo, koma sadziwa dzina la Betty Ong. Mayi ameneyu anali m'ndege ya American Airlines 11 imene inanyamuka ku Boston kupita ku Los Angeles. Zigawenga zitabaya anzake, iye anapita kumbuyo kwa ndege n'kuimba foni ku ofesi ya kampani yake, ndipo kwa mphindi zoposa 20 anafotokoza modekha kuti kuchipinda cha oyendetsa sakuyankha, kuti anthu abayidwa, ndiponso kuti apaulendo akutsogolo akulephera kupuma. Mnzake Madeline Amy Sweeney anaimbira bwana wake ku Boston n'kumuuza manambala a mipando imene achiwembuwo anakhalapo, zimene zinathandiza kuti adziwike mwamsanga. Ndegeyo inagunda nsanja yakumpoto nthawi ya 8:46 m'mawa.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya Sandy Bradshaw wa m'ndege ya United 93. Iye anaimbira mwamuna wake n'kumuuza kuti akudzaza madzi otentha m'majagi kuti awathire achiwembuwo. Taganizani, mayi: madzi omwewo amene amapangira tiyi wa apaulendo ndiwo anali chida chokhacho chimene anali nacho m'manja. Antchito ndi apaulendo analimbana ndi zigawenga mpaka ndegeyo inagwa m'thengo pafupi ndi Shanksville ku Pennsylvania nthawi ya 10:03, isanafike ku Washington kumene inkaloza. Lero pamalopo pali nsanja yokhala ndi mabelu 40 olira ndi mphepo, belu limodzi kuimira munthu mmodzi mwa antchito ndi apaulendo amene anafa m'ndegeyo. Ku Grapevine, m'chigawo cha Texas, kuli chipilala china chimene anachimangira antchito 33 aja.

Pa funso lanu loyamba, sindikuona kuti kutalika kwa dziko ndi chifukwa chokhalira chete. Ife a ku Mangochi timadutsa tsiku ndi tsiku pa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa pa Shire, pamene pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946, kumpoto kwa nyanja. Ambiri a ife sitinawaonepo anthu amenewo, komabe chikumbutso chawo chili pakati pa tauni yathu ndipo palibe amadabwa nacho. Ndiponso tonse tikukumbukira ngozi ya ndege ya ku Chikangawa pa 10 June 2024. Imeneyo inali ngozi, sinali nkhani ya zigawenga, koma inationetsa mmene zimakhalira: dzina la malemu Saulos Chilima lili pakamwa pa aliyense, pamene asilikali atatu amene ankagwira ntchito m'ndegeyo satchulidwa kawirikawiri. Antchito a m'ndege amaiwalika msanga kulikonse, ndipo inu, monga kholo la mmodzi wa iwo, muli ndi chifukwa chokwanira chowatchulira.

Funso lachiwiri ndi lofunika kulisamalira, ndipo mwachita bwino kuliganizira mwambowo usanafike. Anthu amene anachita chiwembu chija anali gulu la zigawenga, osati Asilamu onse, ndipo pakati pa amene anafa m'nsanja zija munalinso Asilamu amene anapita ku ntchito m'mawa umenewo monga wina aliyense. Nenani zimenezi momveka bwino poyambirira penipeni, pamaso pa ana onse, kuti pasapezeke mwana wolozedwa chala pa nthawi yopuma. Ndikadakhala inu, ndikadapita kaye kwa ahedi, kenako n'kupempha ashehe ndi abusa a m'deralo kuti onse awiri adzapemphere, monga timachitira pa misonkhano yathu yambiri kuno.

Mwambowo usakhale wautali, ndipo musaonetse ana zithunzi za nsanja zikugwa. Lembani maina 33 aja pa timapepala, mupatse ophunzira 33, aliyense aimirire n'kuwerenga dzina limodzi pamodzi ndi ndege imene munthuyo anali, kenako nonse mukhale chete kwa mphindi imodzi. Ngati mwana wanu adzakhale pa tchuthi, mumuitane adzavale yunifomu yake ndi kufotokozera ana zimene amaphunzitsidwa za moto, za kutulutsa anthu m'ndege mwachangu ndi za kuthandiza wodwala, chifukwa ambiri mwa ana athu amaganiza kuti ntchito imeneyi ndi yoperekera zakudya basi. Dzina la Betty Ong mumusungire iyeyo kuti adzaliwerenge.